ANAMWINO A LUSO LAPADERA AFUNIKA MALO AO M'NCHITO ZA BOMA

M'nchito zonse za Boma muli mwambo wakale wakuti munthu akagwira bwino amamkweza, ndipo pomkwezapo amamchotsa pa nchito imene anaidziwa bwinoyo ndi kumpatsa tebulo ndi mafaelo. Aziphunzitsi audziwa mwambo umenewu, pakuti mphunzitsi wodziwa kuphunzitsa masamu sachedwa kukhala mkulu wa sukulu kapena woyendera masukulu, ndipo ana a m'kalasi mwake amatsala m'manja mwa wina. Ku sukulu chotayika ndi mayeso a chaka chimodzi, amene mwana angathe kulembanso. Koma mwambo womwewo ulinso m'zipatala za Boma, ndipo kumeneko chimene chatayika sichibwereranso. Nchifukwa chake nkhani ya anamwino amene aphunzira luso lapadera, monga losamala makanda obadwa masiku asanakwane, odwala mwakayakaya, odwala khansa ndi odwala misala, yatuluka tsopano m'sukulu za anamwino, ndipo yafika m'maofesi amene amalemba maudindo ndi magiredi a anchito a Boma.

Nkoyenera kuyamba ndi kumene dziko lino lachokera. M'masiku a atsamunda nchito yophunzitsa anthu a m'dziko muno za chipatala inali kwakukulu m'manja mwa mamishoni, ku Livingstonia, ku Blantyre, ku Nkhoma, ku Malamulo ndi kwina. Kumeneko kunachokera azamba ndi athandizi a m'chipatala amene anatumikira mtundu uno mokhulupirika. Koma mtsikana wofuna setifiketi yaikulu ya unamwino, ija yomchititsa kutchedwa sisitala, anayenera kutuluka kunja, ku Southern Rhodesia, ku South Africa kapena ku Mangalande. Mai Cecilia Kadzamira unamwino wao anauphunzira ku Salisbury. M'nthawi ya Chitaganya, chimene chinakhala kuyambira 1953 kufikira 1963, nkhani za chipatala zinaikidwa m'manja mwa Boma la ku Salisbury komweko, ndipo pamene chipatala cha Queen Elizabeth chinatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1958, masisitala oyang'anira mawodi ake ambiri anali Azungu.

Ufulu utabwera m'chaka cha 1964, Boma silinazengereze. M'chaka cha 1965 linatsegula sukulu ya anamwino ya dziko lonse ku Blantyre. M'chaka cha 1966 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Khonsolo ya Anamwino ndi Azamba, imene isunga kaundula wa onse ololedwa kugwira nchitoyi. M'chaka cha 1979 kunabadwa Kamuzu College of Nursing monga nthambi ya Yunivesite ya Malawi, ndipo m'chaka cha 2021 koleji imeneyi inaphatikizidwa ndi College of Medicine kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Cholinga cha m'zaka zoyambazo chinali chimodzi ndiponso chomveka: kuumba namwino wotha zonse, amene ali namwino ndi mzamba nthawi imodzi. Munthu wotere akatumizidwa ku chipatala chaching'ono cha kumudzi amachiritsa mai usiku, m'mawa nayesa a sikelo, masana namanga bala la wobvulala ndi khasu, madzulo nabaya jekeseni mwana wa malungo. Panalibe nzeru ina yoposa imeneyi pa dziko la anthu mamiliyoni 4, monga anawerengedwa m'chaka cha 1966, ndi madotolo owerengeka pa zala. Namwino wotha zonseyo ndiye mzati wa chipatala kufikira lero lino, ndipo asapezeke munthu womchepsa.

Koma tsono mankhwala ndi matenda sizinaime pamene zinali. Ku Copenhagen, pa mliri wa poliyo wa m'chaka cha 1952, ophunzira za udotolo anali kupopera mpweya odwala ndi manja usana ndi usiku, ndipo pamenepo panachokera nzeru yosonkhanitsa odwala mwakayakaya m'chipinda chimodzi chokhala ndi anamwino akeake. Ku Colorado m'chaka cha 1965 namwino Loretta Ford ndi dotolo Henry Silver anayamba kuphunzitsa anamwino kupima ndi kuchiza ana kumene kunalibe madotolo. Muno mu Africa, Botswana anayamba maphunziro onga omwewo m'chaka cha 1981, ndipo Uganda m'chaka cha 2004 anasintha lamulo kuti namwino wophunzira kusamala odwala matenda osachizika azitha kulembera wodwala mankhwala a morphine, oletsa ululu waukulu.

Komabe Amalawi sasowa kupita kutali kukafuna umboni, pakuti umboni woposa uli pakhomo. Kale pa chipatala cha Queen Elizabeth ana odwala anali kuima pa mzere monga mwa kafikidwe kao, woyamba kufika ndiye woyamba kuonedwa, kotero kuti mwana wokomoka kumbuyo kwa mzere anali kutha kutsirizika ali kumsana kwa amake, pamene wa chimfine ali kupimidwa kutsogolo. M'chaka cha 2001, motsogozedwa ndi Professor Elizabeth Molyneux, chipatalacho chinakonza malo olandirirapo ana odwala kwambiri ndi kuphunzitsa anamwino kusankhula ana pakhomo pomwe: uyu alowe tsopano lino, uyu asachedwe, uyu angathe kudikira. Namwino amayang'ana kapumidwe, kuzizira kwa manja, kukomoka, kugwedezeka kwa thupi ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo zonsezi amazichita m'kamphindi. Imfa za ana ogonekedwa m'chipatalamo, zimene zinali pakati pa 10 ndi 18 pa 100 alionse, zinatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Njira imeneyi, yotchedwa ETAT, inatengedwa ndi bungwe la za umoyo la dziko lonse lapansi la WHO, ndipo ili kuphunzitsidwa m'maiko ambiri. Sipanabwere mankhwala achilendo pamenepa iai. Chimene chinasintha ndi dongosolo ndi diso la namwino woima pakhomo.

Nkhani ya makanda ndiyo ifunika kuikhalira pansi. Kafukufuku wa za umoyo wa m'chaka cha 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, 234 anali kumwalira asanakwanitse zaka zisanu; wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza 63. Kumeneku nkupambana kumene mtundu uyenera kunyadira, ndipo katemera, masikito ndi alangizi a za umoyo a m'midzi ali ndi gawo lalikulu m'menemo. Koma imfa za makanda osakwana mwezi umodzi zinatsika pang'ono chabe m'nthawi yomweyo, kuchokera pa 41 kufika pa 27. Ndiko kunena kuti mwa ana amene ali kutayika masiku ano, gawo lalikulu ndi la m'chikuta. Lipoti la m'chaka cha 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa kuchuluka kwa ana obadwa masiku asanakwane, 18 pa 100 alionse. Tsono khanda lobadwa pa miyezi isanu ndi iwiri, lolemera kilogalamu imodzi ndi theka, silidandaula monga achitira munthu wamkulu. Likayamba kudwala limangofooka, kuleka kuyamwa, kuzizira thupi, kapena kuleka kupuma kwa kanthawi, ndipo diso losazolowera liona ngati mwana ali m'tulo tabwino. Kuzindikira tulo ta matenda ndi tulo ta mtendere ndi luso limene munthu amalipeza atakhala miyezi yambiri pakati pa makanda, ndipo palibe buku limene lingampatse m'mlungu umodzi.

Dziko lino lachita zambiri pa makanda otere. Njira ya kangaru, yakuti khanda likhale pa chifuwa cha amake thupi kukhudza thupi kuti lifunde, inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999, ndipo inafalikira m'zipatala za m'maboma. Pambuyo pake panabwera makina othandiza makanda kupuma otchedwa Pumani, amene anakonzedwa ndi a Rice University ya ku America pamodzi ndi madotolo ndi anamwino a pa Queen Elizabeth. Poyesedwa m'chaka cha 2012, mwa makanda obanika amene anaikidwa pa makinawo anapulumuka 71 pa 100 alionse, pamene mwa amene anangopatsidwa okosijeni anapulumuka 44. Koma makina sadziyang'anira okha. Timachubu ta m'mphuno titha kusuntha, mamina atha kutseka njira ya mpweya, madzi a m'botolo atha kuchepa, ndipo zonsezi zichitika pakati pa usiku pamene dotolo ali ku fiyeta kapena kunyumba. Makina a mtengo wake akagwa m'manja mwa munthu amene sanaphunzitsidwe amangokhala pa ngodya atabvundikiridwa ndi nsalu.

Momwemonso ndi mankhwala otalikitsa moyo. Pamene Boma linayamba kuwapereka mwaulere m'chaka cha 2004, panali ena amene anali kunena kuti ndi dotolo yekha angathe kuyambitsa munthu mankhwala otere. Dziko likadamvera mau amenewo anthu ambirimbiri akadafa ali pa mzere. M'malo mwake anamwino anaphunzitsidwa ndi kuloledwa, ndipo pamene Malawi m'chaka cha 2011 anakhala dziko loyamba kupereka mankhwalawa kwa moyo wonse kwa mai aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachirombo ka HIV, anali anamwino ndi azamba a ku sikelo amene anasenza nchitoyo. Pofika chaka cha 2020 olandira mankhwalawa anali ataposa 800,000. Ndi anamwinonso amene amapima khomo la chiberekero ndi viniga pofunafuna khansa isanakule, matenda amene apha amai a dziko lino koposa khansa ina iliyonse. Ndipo ku Salima ndi namwino, Mai Lucy Finch, amene anayambitsa malo a Ndi Moyo osamalirapo odwala matenda osachizika.

Maphunziro a luso lapadera alipo ndithu. Yunivesite ili kupereka madigiri apamwamba a uzamba, a unamwino wa ana ndi ena. Koleji ya St John of God ku Mzuzu ili kuphunzitsa anamwino a matenda a maganizo. Ena atumizidwa ku South Africa nabwerako ndi mapepala ao. Bvuto liyamba tsiku limene wophunzirayo abwerera ku nchito.

Choyamba akumana ndi mwambo wosinthasintha anamwino m'mawodi. M'zipatala zambiri, pakapita nthawi, metironi amalemba mndandanda watsopano: wa ku makanda apite ku wodi ya abambo, wa ku wodi ya abambo apite ku makanda. Oikira kumbuyo mwambowu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndiponso kuti nchito ya m'mawodi ena njolemetsa, choncho nkwabwino kuti onse alaweko. Pa namwino wongotuluka kumene ku sukulu mau amenewa ngoona, pakuti ayenera kuona mbali zonse za chipatala asanasankhe yake. Koma pa munthu amene Boma lamlipirira zaka ziwiri kuti adziwe makanda, kumsamutsira kumene luso lakelo siligwira nchito nchimodzimodzi kutenga mphunzitsi wa sayansi ndi kumpatsa kalasi ya nyimbo chifukwa chakuti chafika chaka chake. Anamwino a matenda a maganizo ndiwo alidziwa bwino bvutoli. Chipatala cha misala cha Zomba chinayamba m'chaka cha 1910 monga chigawo cha ndende, ndipo chinakhala chipatala chenicheni m'chaka cha 1953. Kwa zaka zambiri dziko lonse linali ndi dotolo wa misala mmodzi kapena kusowa ndi mmodzi yemwe, kotero kuti odwala misala ndi akhunyu a m'maboma anadalira anamwino amenewa. Koma chifukwa namwino wa misala kawirikawiri alinso mzamba, anchito akaperewera amatengedwa kukathandiza kochiritsira amai, ndipo tsiku loona odwala misala limangodumphidwa.

Chachiwiri akumana ndi makwerero amene mapeto ake ndi ofesi. Namwino wa Boma akamakwera amakhala woyang'anira wodi, pambuyo pake metironi, pambuyo pake mkulu wa anamwino, ndipo pa sitepe iliyonse nthawi yake ya pambali pa wodwala imachepa, ya misonkhano ndi malipoti imachuluka. Amene afuna kukhalabe ndi makanda ake kapena odwala ake a khansa ayenera kubvomera kutsala pa giredi yapansi pamene anzake a kalasi imodzi ali kumpitirira. Munthu wa banja, wa ana a sukulu, woganizira za penshoni, sangadzudzulidwe akasankha ofesi, kapena akapita kukaphunzitsa ku koleji, kapena akalowa mabungwe amene si a Boma, kapena akatenga ndege. Anamwino a luso la odwala mwakayakaya ndiwo afunidwa koposa m'zipatala za kunja.

Boma linasonyeza kale kuti cholembedwa pa pepala ku likulu chingathe kusintha za m'mawodi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, pamene Edzi inali kudzaza zipatala ndipo anamwino ambiri anali kupita ku Britain, Boma mothandizidwa ndi Britain yemweyo ndi Global Fund linaonjezera 52 pa 100 pa malipiro a anchito a chipatala kuyambira m'chaka cha 2005, ndi kuchulukitsa ophunzira m'sukulu zake ndi za mipingo za pansi pa CHAM. Chiwerengero cha anamwino chinakwera. Nthawi ija funso linali la kuchuluka kwa manja. Funso la lero linaonekera poyera m'mwezi wa January 2021, pamene matenda a Covid-19 anatenga nduna ziwiri tsiku limodzi ndipo bwalo la masewera la Bingu ku Lilongwe linasandutsidwa chipatala. Mabedi ndi masilinda a okosijeni anatha kupezeka m'masiku owerengeka, koma namwino wodziwa kuyang'anira munthu wobanika usiku wonse panalibe sitolo yomgulako.

Pali chonena cha otsutsa chimene sichiyenera kukankhidwira kumbali. Iwo amati dziko la anthu oposa mamiliyoni 17 ndi theka, monga mwa kalembera wa 2018, limene zipatala zake zazing'ono zina zili ndi anamwino awiri kapena mmodzi, silingakwanitse kukhala ndi anamwino okana nchito ina ponena kuti si yao. Amaopanso kuti maudindo atsopano adzakokera anamwino onse anzeru ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, kumene kuli zipatala zazikulu zinai, ndi kusiya Chitipa, Nsanje ndi Likoma m'manja mwa ongoyamba kumene. Mantha amenewa ali ndi maziko, ndipo ndiwo ayenera kuumba dongosololo. Nthambi za luso zisachuluke monga za ku Ulaya. Ziyambe zochepa, zoyang'ana kumene imfa ndi masautso zachuluka: makanda ndi ana, odwala mwakayakaya ndi angozi, matenda a maganizo, khansa pamodzi ndi chisamaliro cha osachizika. Ndipo maudindowo alembedwe m'boma lililonse mwa maboma 28, osati pa zipatala zazikulu zokha, kuti wofuna giredi yapamwamba aipeze ku Rumphi monga angaipezere ku Blantyre. Namwino wa luso wa pa boma akhale ndi masiku oyendera zipatala zazing'ono ndi kuphunzitsa anzake otha zonse aja, kuti adziwe khanda loti alitumize msanga ndi loti alisunge.

Chitsanzo cha zimenezi chili m'zipatala zomwezo. M'chaka cha 1985 dotolo wina wa mafupa, Dr Ed Blair, anayamba kuphunzitsa ma clinical officer, amene anthu a kumudzi amangowatcha madotolo, nchito yolunzanitsa mafupa othyoka. Ena anaphunzitsidwa kugoneka odwala pa opaleshoni. Lero lino wothyoka mwendo m'maboma ambiri amathandizidwa ndi anthu amenewa. Nchito yao ili ndi dzina, ili ndi maphunziro ake, ili ndi malo pa chipatala cha pa boma, ndipo nkosowa kumva kuti wa mafupa wasamutsidwira ku sikelo chifukwa cha mndandanda wa chaka chatsopano. Chimene chinatheka kwa iwo chingathekenso kwa anamwino, popanda gulu lina kulanda nchito ya linzake. Chipinda cha ana odwala mwakayakaya cha Mercy James, chimene chinatsegulidwa pa Queen Elizabeth m'chaka cha 2017 ndipo chinali choyamba cha mtundu wake m'dziko muno, chasonyeza kale kuti dotolo wa opaleshoni adalira namwino amene akhala ndi mwanayo opaleshoni itatha.

Nchito yotsala ili m'manja mwa anthu amene ambiri a iwo salowa m'wodi. Unduna wa za Umoyo ndiwo unganene nthambi zofunika ndi kuchuluka kwa anthu ake; Khonsolo ya Anamwino ndi Azamba ndiyo ingalembe m'kaundula luso la munthu aliyense ndi malire a zimene aloledwa kuchita, kuti asagwire nchito mwamantha kapena mopyola; Dipatimenti yoyang'anira anchito a Boma ndiyo ingalembe maudindowo ndi makwerero achiwiri, okwera pambali pa bedi la wodwala, ofanana giredi ndi a ku ofesi; ndipo Unduna wa za Chuma ndiwo ungawapezere ndalama. Namwinonso ali ndi mbali yake, pakuti amene waphunzitsidwa ndi ndalama za msonkho nkoyenera asainire kutumikira zaka zingapo pamalo pamene watumizidwa. Zonsezi zidzatenga nthawi, pakuti chuma cha dziko chili pothina ndipo fayelo ya maudindo atsopano imayenda m'maofesi ambiri.

Koma pali chimodzi chimene sichilira tambala ndi imodzi yomwe. Zipatala za m'maboma zili pansi pa makhonsolo, ndipo mndandanda wa anamwino a m'mawodi umalembedwa pa chipatala pomwepo. Bwanamkubwa, mkulu wa za umoyo wa pa boma ndi metironi angathe kukhala pansi mwezi uno, kulemba maina a anamwino onse amene anaphunzira za makanda, za odwala mwakayakaya, za misala ndi za khansa, kuona kumene aliyense ali kugwira lero, ndi kubwezera ku wodi yake aliyense amene apezeka kwina.